Wotsika yekha m'mgodi anyamule ziwiri

Mwezi wathawu ndinali kudera la Mualadzi, kukaona momwe aphunzitsi amene tikuwakonzekeretsa akuphunzitsira m'sukulu za akuluakulu. Titaweruka, bambo wina wa m'kalasimo, yemwe amakumba golide, anatisimbira zomwe zinamuonekera. Tsiku lina anzake onse anapita kumaliro, iye n'kutsika yekha m'dzenje m'mamawa. Atakwawa m'kanjira ka m'mbali, tochi yake yapamutu inazima. Mabatire ena anali nawo, koma anawasiya m'thumba la jekete kumsasa. Mdima wa pansi pa nthaka suzolowereka m'maso ngati wa usiku. Anapapasa osapeza polowera, nakhala pansi kuopa kugwera m'dzenje lina, mpaka madzulo pamene mwana amene anamutumira nsima anakauza anthu kuti atate sakuyankha.

Anzake anaseka, iyenso anaseka nawo. Nditafunsa kuti ndi angati amatsika ndi matochi awiri, palibe anakweza dzanja.

Maganizo anga ndi awa: aliyense wogwira ntchito yekha pamalo pamene mnzake sangamufikire msanga ayenera kunyamula chachiwiri cha chinthu chilichonse chimene moyo wake wadalira, ndipo achinyamule pathupi pake. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Batire lomwe latsala kumsasa silingakuunikireni muli pansi.

Pali anthu ena amene anaphunzira zimenezi ataika maliro ambiri a anzawo. Ndi aja amalowa pansi pa madzi atabereka botolo la mpweya kumsana, monga amachitira alendo ku Tofo m'chigawo cha Inhambane, ku Ponta do Ouro, ngakhalenso pa nyanja ya Niassa. Chida chopumira chimene amagwiritsa ntchito chinakonzedwa mu 1943 ndi Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan, a ku France. Limodzi mwa malamulo amene ophunzira amauzidwa ndi lakuti azilowa awiriawiri, kuti mpweya ukamthera wina apume wa mnzake. Komabe alipo amene amalowa okha, monga ojambula zithunzi. Amene amawaphunzitsa anawaikira lamulo lina: popeza mnzako palibe, zomwe akanakupatsa mnzakoyo unyamule wekha. Choncho wolowa yekha amamangirira kabotolo kena ka mpweya kokhala ndi chopumira chakechake, galasi lina la kumaso, mipeni iwiri yoika mbali zosiyana kuti ukonde ukamukola dzanja limodzi adule ndi linalo, ndiponso wenzulo yoitanira bwato akavuuka patali.

Amene amalowa m'mapanga odzaza madzi ndiwo amafanana kwambiri ndi okumba migodi, chifukwa pamwamba pawo pali thanthwe ndipo njira yotulukira ndi yomwe analowera. Iwowa salowa ndi nyale zosakwana zitatu. Amayala chingwe kuchokera pakhomo la phanga mpaka pomwe afika, kuti ngakhale m'mdima achitsate ndi dzanja. Mpweya amaugawa patatu: gawo limodzi lolowera, lina lotulukira, lachitatu losakhudza pokhapokha zinthu zitavuta. Malamulo amenewa anawapeza pofufuza imfa za anzawo imodziimodzi, ntchito imene Sheck Exley wa ku America anatchuka nayo m'zaka za m'ma 1970.

Kwathu kuno ku Chifunde kulibe nyanja yamchere, koma maenje alipo, ndipo anyamata ndi abambo ambiri amadyetsa mabanja awo ndi golide. Nzeru yomweyo ingagwire ntchito kuno popanda ndalama zambiri. Tochi yachiwiri ikhale m'khosi kapena m'thumba lotseka, mabatire ake atakulungidwa m'pulasitiki kuti asanyowe. Zingwe zikhale ziwiri, zomangidwa pa mitengo iwiri yosiyana, chifukwa zingwe ziwiri pa chikhomo chimodzi zimagwa limodzi chikhomocho chikazuka. Wolowa m'tinjira ta m'mbali akoke kachingwe kakang'ono kuchokera polowera. M'thumba mukhale mpeni, kabotolo ka madzi akumwa ndi wenzulo, pakuti mawu a munthu amasasa msanga koma wenzulo imamveka ngakhale mphamvu zitachepa. Kugawa patatu kuja kukhale kwa tochi: ngati mukudziwa kuti mabatire anu amayaka maola 6, maola 4 asanakwane mukhale mutatuluka, maola 2 otsalawo ndi osungira tsoka. Ngakhale mbewa, amene anaikumbapo akudziwa, imasiya kanjira kena kothawira pamene khasu likubwera kudzera kuuna.

Ena adzati ndikulimbikitsa khalidwe loipa, chifukwa choyenera n'kuuza anthu kuti asatsike okha, basi. Ndikugwirizana nawo pa mfundo yaikulu, ndipo ndinena mosabisa kuti pali ngozi zina zimene katundu wa m'thumba sangakupulumutseni. Yoyamba ndi mpweya woipa. M'maenje akuya mumatha kudikha mpweya wolemera umene umathamangitsa wabwino, ndipo motobomba ya petulo ikalira m'dzenje kapena pakamwa pake imatulutsa utsi wokhala ndi poizoni wosanunkha komanso wosaoneka. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenaka n'kukomoka asanaganize zokwera. Ubongo ukasowa mpweya wabwino kwa mphindi zochepa chabe umayamba kuwonongeka. Kutsitsa kandulo yoyaka pachingwe musanalowe kumathandiza: ikazima kapena kufooka, musatsike. Koma kandulo siionetsa poizoni wa injini, ndipo siyenera kutsitsidwa pomwe pakununkha petulo. Injini izikhala kunja, kutali ndi dzenje, kumbali kumene mphepo ikulowera. Ngozi yachiwiri ndi kugumuka kwa dothi, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi pamene nthaka yakhuta madzi. Pa ziwirizi chipulumutso chanu ndi munthu amene ali pamwamba, wogwira chingwe chimene chamangidwa m'chuuno mwanu. Iyenso adziwe kuti mukakomoka akukokeni ali pamwamba pomwepo ndi kuitana anthu, chifukwa wothamangira kutsika amakapuma mpweya womwewo, maliro n'kukhala awiri.

Komabe tisadzinamize. Uthenga wakuti musatsike nokha wanenedwa kwa zaka zambiri, ndipo anthu akutsikabe okha. Wina wapeza mtsempha wa golide ndipo safuna kuti anzake adziwe. Wina anzake apita kumunda pamene iye ngongole yamupana. Ngakhale otsika atatu, aliyense akalowa kanjira kake amakhala ali yekha. Munthu wotereyu tikangomuuza kuti walakwa, adzatsikabe mawa ndi tochi yake imodzi ija. Tikamuuza zonyamula, ndi kuti asiye mawu kwa mkazi wake kapena mnansi, kutchula dzenje ndi ola lotulukira, tamupatsa mwayi umene analibe.

Ena adzati ndalama palibe. N'zoona kuti ambiri amatsika m'maenje chifukwa cha umphawi. Koma tochi, wenzulo ndi chingwe zimapezeka m'misika yathu ndi pamalire a Cassacatiza, ndipo mtengo wake sufika pa ndalama zimene zimathera pamowa tsiku logulitsa golide. Vuto lalikulu limene ndinaliona m'kalasi muja ndi manyazi. Wonyamula ziwiri amatchedwa wamantha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, abale anga, ndipo amene amakusekani lero sadzalipira yunifolomu ya ana anu.

Ngakhale m'migodi ikuluikulu ya makampani zosungira zapulumutsa anthu, ndipo kusowa kwake kwatsekera anthu njira. Pa 5 Ogasiti 2010 mgodi wa San José ku Chile unagumuka n'kutsekera amuna 33 pafupifupi mamita 700 pansi. Anayesa kukwera kudzera m'dzenje lolowetsa mpweya, koma makwerero amene anayenera kukhalamo anali osakwanira. Chimene chinawasunga masiku 17 oyamba, anthu apamwamba asanawapeze, ndi kachakudya kochepa kosungidwa m'chipinda chothawiramo, kamene anagawana pang'onopang'ono. Onse anatuluka amoyo patatha masiku 69.

Nkhaniyi isakhale ya wokumba yekha. Malamulo aakulu a dziko lathu, pa ndime 40, amati nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala ndi moyo, ndipo ndime 85 imanena za ufulu wa wantchito wotetezedwa pa ntchito yake. Lamulo la migodi, nambala 20/2014, linavomereza kukumba kwa manja kudzera m'chiphaso chotchedwa senha mineira. Amene amapereka ziphaso, mabungwe a okumba, mafumu ndi alembi a m'midzi angathe kugwirizana kuti pa dzenje lililonse pasatsike munthu wopanda tochi ziwiri ndi chingwe cha m'chuuno. Eni maenje ndi ogula golide, amene amapindula ndi thukuta la ena, ndiwo ayenera kugula zida zimenezi, ndipo asazidule pa malipiro a wokumba. Zomwezi zikhudzenso okumba zitsime, amene amakumana ndi mpweya woipa womwewo m'midzi mwathu.

Ifenso aphunzitsi tili ndi mbali yathu. Phunziro la kugawa lingaphunzitsidwe ndi maola a batire m'malo mwa malalanje. Phunziro la kulemba lingakhale mndandanda wa zonyamula, umene wophunzira angaupachike pakhomo la msasa. Ndinapempha mphunzitsi wa kalasi lija kuti ayese zimenezi, ndipo bambo uja ndiye analemba pabolodi mawu oyamba, pang'onopang'ono, choko chikunjenjemera: tochi, tochi ina.

Inu amene mwawerenga tsamba lino, muwerengereni mnzanu amene sanadziwe kuwerenga. Ndipo mawa m'mamawa, mwamuna wanu, mchimwene wanu kapena mwana wanu akamanyamula piki, mufunseni dzenje limene akupita, ola limene atuluke, ndi komwe waika tochi yachiwiri.