Msonkho Usamagwire Usipa Wokha





Ife achikulire tikukumbukira masiku a msonkho wa mutu, pamene mwamuna wopanda chiphaso ankathawira kutchire akamva kuti mesenjala wafika. Msonkhowo udatha, koma wosauka sadapume. Mayi wogulitsa usipa amadula tikiti ya khonsolo asadagulitse ngakhale mulu umodzi. Akagula shuga kapena mayunitsi a foni, VAT yoposa 16 peresenti ili momwemo. Iye sangakambirane ndi boma kuti limuchepetsere.

Nanga makampani akuluakulu? Taonani za mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga. Mu 2007 boma lidasaina pangano ndi kampani ya Paladin ya ku Australia. Msonkho wa pa miyala yokumbidwa, umene lamulo limati 5 peresenti, udatsitsidwa kufika pa 1.5 peresenti kwa zaka zitatu zoyamba, kenako 3 peresenti. Mu 2015 bungwe la ActionAid lidatulutsa lipoti lonena kuti Malawi adataya ndalama zoposa madola 43 miliyoni m'zaka 6. Gawo lalikulu lidatayika chifukwa chiwongoladzanja cha ngongole ndi malipiro a utsogoleri zinkadzera ku kampani inzake ya ku Netherlands yopanda wantchito ndi mmodzi yemwe, popeza pangano lakale ndi dzikolo linkalola ndalama zotere kutuluka osadulidwa msonkho.

Lipotilo silidanene kuti lamulo lidathyoledwa, ndipo apa ndiye pondiwawa. Khoka lathu lidalukidwa mwakuti likole usipa, kampango n'kumadutsa.

Sindikuti tithamangitse makampani. Ntchito tikuzifuna, ndipo wobzala chuma ayenera kupeza phindu. Koma galimoto zake zimayenda pa misewu yathu, ndipo antchito ake adaphunzira m'sukulu zathu za pulaimale, zina mwa izo ana akukhalabe pansi pa mtengo. Miyala ikatha m'nthaka simeranso ngati chimanga.

Nkhaniyi si ya ku Karonga kokha. Kutsidya kwa nyanja ku Makanjira kuli mchenga wamtengo wapatali, ndipo ku Kangankunde m'boma la Balaka kuli miyala imene mayiko akunja akuilimbirana. Mapangano ake atikhudza ife ndi adzukulu athu.

Choncho ndikupempha aphungu athu a ku Mangochi aumirire kuti pangano lililonse la mgodi lizikambidwa ku Nyumba ya Malamulo lisadasainidwe, ndipo lizimasuliridwa m'Chichewa ndi m'Chiyao. A MRA azilengeza chaka chilichonse ndalama zimene kampani iliyonse ya migodi yapereka. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, tiligwiritse ntchito.

Inu abusa, ansembe ndi mashehe, mumatiphunzitsa kupereka msonkho mokhulupirika, ndipo timamvera. Chonde ulaliki womwewo ukafikenso kwa eni chuma ndi kwa amene amasaina mapangano m'dzina lathu.

Mphunzitsi Wamkulu Wopuma,
Makokola, Mangochi.