Anafunsa, koma anamudyetsabe phula

Komiti ya kalabu yathu ya masewero a nthano za pa tebulo, ija timakumana Loweruka kuseri kwa sitolo ina kuno ku Johannesburg, yagamula. Dandaulo lathu alitaya, ndipo ulendo wa m'nthano womwe tinadandaula nawowo, wolembedwa ndi mmodzi mwa iwo eni, auseweretsa pa matebulo onse pa mpikisano wa mwezi wamawa. Chifukwa chake akuti n'chimodzi: makolo a masewerowa ankachita chomwecho. Makolo ake ati? Tifikako.

Amene munalipo mukudziwa, koma ndibwereze poti ena mwayamba kale kuithira mchere nkhaniyi. Mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa zaka 16, kanali koyamba kukhala pa tebulo la Dungeons & Dragons. Lachisanu anachezera pa pepala lake, kuumba munthu woti akamusewere: mbala yochenjera, dzina lake, kwawo, mpaka chipsera cha pachibwano. Nthano itayamba, gulu linafika pa zitseko zitatu. Mtsikana anafunsa ngati zikusiyana. Woyendetsa nthano anati ayi, zonse n'chimodzimodzi. Anafunsa ngati pansi pali mapazi kapena fumbi lokwekwereka. Palibe. Anagogoda ndi ndodo, anatchera khutu, anaponya dayisi yofufuzira misampha n'kupeza 18. Woyendetsa anasuzumira kuseri kwa chikatoni chake, akuti palibe chooneka. Mwana anatsegula chapakati. Denga linagwa, munthu wake n'kufera pomwepo, osapatsidwa ngakhale dayisi yodzipulumutsira. Mphindi 20 zinali zisanakwane. Anandiyang'ana pensulo ili m'manja: "Amalume, ndalakwitsa pati?"

Sanalakwitse paliponse. Zolemba za ulendowo ndinaziona ndekha pambuyo pake: mlembi analamula kuti msamphawo usapezeke ndi njira ina iliyonse. Msampha wopanda chizindikiro ndi umbava. Ndanena ku komiti, ndikunenanso pano, ndipo ndinenabe mpaka mutope nane.

Mkulu wina wa komitiyo, amene anatola mwambi wathu umodzi kwa ine ndemwe, anandibwezera akumwetulira: safunsa anadya phula. Bambo inu, mwana anafunsa kanayi. Phulalo munamupanira nalo kukamwa ndinu.

Ndiye pali gulu lija la ndevu zaimvi, lodzitcha osunga mwambo wakale. Iwowa akuti moyo weniweni suchenjeza munthu, choncho nthano nayo isachenjeze. Zikomo kwambiri potiphunzitsa za moyo. Ife amene tinawoloka malire, n'kumaima pa mizere ya mapepala kuyambira mbandakucha, timadikira munthu wodya tchipisi pa tebulo kuti atiuze kuti dziko lilibe chilungamo! Ndikafuna kugweredwa denga popanda chifukwa, sindilipira ndalama yolowera pakhomo. Ena akuti ana a masiku ano ndi ofewa, amafuna kupambana basi. Amene akunena izi ndi yemwe amabisa dayisi yake kuseri kwa chikatoni, iye yekha ndiye wowerenga mapu, iye yekha ndiye wodziwa chili kuseri kwa chitseko, ndiye n'kumadziguguda pachifuwa kuti wagonjetsa mwana. Ukatswiri wake uli ngati wa munthu wophiphiritsa ndagi yopanda yankho, kenako n'kumafuna kuti timupatse mudzi.

Tsopano makolo aja. Akapanikizika amathawira kwa Gary Gygax, amene pamodzi ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons mu 1974, ndipo amatchula nthano yake ya manda, Tomb of Horrors, ngati vesi la m'Baibulo. Kodi anaiwerengadi? Gygax anaikonzera msonkhano wa Origins wa 1975, n'kuisindikiza mu 1978, pofuna kuthyola mapewa akatswiri odzitama, anthu oti asewera mpaka kufika pa milingo ya 10 mpaka 14. Sanailembere mlendo wa tsiku loyamba. Ndi yankhanza, sindikana: makomo awiri mwa atatu olowera kumandako ndi onyenga, ndipo pakamwa pa chinkhope china chobiriwira cha m'mandamo pamameza aliyense wolowamo. Koma Acererak, mwini manda, anasiya uthenga wophiphiritsa pansi pa njira yolowera, woti wopenyetsetsa auwerenge. Bukulo linabwera ndi kabuku ka zithunzi zoonetsa osewera kuti aone ndi maso awo. Chinkhope chija chili poyera, kukamwa kuli bii, chikuchita kukuuza kuti usayerekeze. Ngakhale nkhalamba yankhanzayo inkasiya mapazi. Inu mwatengera nkhanza zokha, nzeru mwazisiya m'buku.

Taonani bawo: ili ndi maenje 32, ndipo nkhomo zonse zili pamtetete. Mnzako akakudya umagwira mutu chifukwa ukuona pamene unagona tulo, ndipo mawa umabwerera utachenjera. Tayerekezani wina akutulutsa nkhomo m'thumba n'kunena kuti dzenje ili linali lotembereredwa, wangoluza. Pansi pa mtengo wa mango sangathe tsiku. Ngakhale diwa la mbewa limakhala ndi nyambo ndi kamtengo koonekera; mbewa yogwidwa inasankha yokha. Msampha wopanda chizindikiro ndi umbava, chifukwa wosewera sunamupatse chosankha. Zitseko zitatu zofanana si chisankho ayi, ndi maere ovala jekete.

Musandinamizire kuti ndikufuna nthano yopanda imfa. Munthu wanga anafapo kangapo, kamodzi chifukwa ndinathamangira golide anzanga akundiletsa, ndipo mpaka lero amandiseka nazo. Dayisi ya mbali 20 ikagwa pa 1 anthu onse akuona, palibe wolira. Imfa yotero imakoma kuifotokoza. Ndipo si kuti njira yake ndi yachinsinsi. Justin Alexander analemba kale mu 2008 kuti pa chilichonse chimene ukufuna osewera atulukire, uike zizindikiro zosachepera zitatu, poti chimodzi adzachiphonya, china adzachimva molakwa. Robin Laws, pokonza malamulo a masewero a GUMSHOE, anafika poti chizindikiro chofunika chisadalirenso dayisi n'komwe. Mng'alu padenga, fupa lophwanyika pakhomo, wogulitsa mowa m'mudzi wonena kuti olowera pakati sabwerako: mizere itatu basi. Mlembi wathu anali ndi nthawi yolemba ndime yonse yofotokoza mmene ubongo unamwazikira pakhoma, koma ya mizere itatuyi inamusowa.

Komiti yomweyi ndiyo imadandaula pa msonkhano uliwonse kuti achinyamata sakubwera, kuti mafoni awameza. Mwezi wamawa adzaza matebulo ndi alendo, aliyense ndi pepala lake lolembedwa mosamala, n'kuwaimika pa zitseko zija. Ndawapempha kuti asavutitse anthu: aike munthu pakhomo ndi kobiri, aziponya m'mwamba, woluza azibwerera pomwepo asanavule n'komwe jekete. Sanandiyankhe. Pepala la mwana wa mchemwali wanga likadali m'galimoto mwanga, lopindidwa kanayi, ndipo ndikamufunsa za Loweruka amangoti ali ndi homuweki.