Amayi auzidwe zonse za methyldopa ku sikelo

Mayi woyembekezera wa ku Champhira akapezeka ndi BP yokwera ku sikelo, kaya ndi ku Katete, ku Jenda kapena ku Embangweni, kawirikawiri amabwerera kunyumba ndi mapiritsi a methyldopa, omwe ena amawadziwa ndi dzina loti Aldomet. Ndi mankhwala a m'ma 1960, ndipo madokotala amawadalirabe chifukwa zaka zonsezi sanaonetse kuti amavulaza mwana m'mimba.

Komatu mankhwalawa amakagwira ntchito mu ubongo. Amachepetsa uthenga umene umalamula mitsempha ya magazi kuti ifinyike. N'chifukwa chake wowamwa amaodzera dzuwa lili paliwombo, m'kamwa mumauma, ndipo akadzuka mothamanga pamkeka, mutu umazungulira. Mayi amene sanachenjezedwe amangoti mankhwalawa sakumuyanja, n'kuwasiya. BP imakweranso mwakachetechete, pamene chipatala cha boma ku Mzimba chili kutali, ndipo kabaza usiku sapezeka wamba. Tulo timeneti nthawi zambiri timachepa pakapita masiku ochepa, koma amuuze ndani?

Mlingo woyambira ndi 250mg kawiri kapena katatu patsiku. Wowonjezera ndi wachipatala yekha, ndiponso pakadutsa masiku awiri kapena kuposerapo. Woiwala kumwa asaphatikize awiri.

Nkhani imene imaiwalika kwambiri ndi ya mapiritsi owonjezera magazi aja. Mayi aliyense woyembekezera amalandira, ndipo ndi ofunikadi. Koma ayironi wa m'mapiritsiwa amagwirana ndi methyldopa m'matumbo, moti mankhwala olowa m'thupi amachepa. Mayi womwera zonse pamodzi ndi kapu imodzi ya madzi, pofuna kuthana nazo asanapite kudimba, amafooketsa mankhwala ake a BP osadziwa. Pamafunika kusiyanitsa ndi maola osachepera awiri.

Akachira, nkhani imasinthanso. Methyldopa amatha kukulitsa matenda a kukhumudwa, amene amagwira amayi ena akangobereka, moti malangizo a ku Britain amati asinthidwe pasanathe masiku awiri mwana atabadwa. Nthawi iliyonse pomwa mankhwalawa, maso achikasu kapena kutentha thupi kosadziwika bwino zingasonyeze kuti chiwindi chavutika. Pamenepo n'kuthamangira kuchipatala.

Azamba ndi otanganidwa, mzere wa sikelo ndi wautali, zimenezo n'zoona. Komabe kufotokoza zonsezi sikutha mphindi zitatu. Azilongosola m'Chitumbuka chomveka, ndipo nthawi yomwera mankhwala aliwonse azilemba m'kabuku ka kuchipatala ka mayiyo.