Ufulu wolankhula sudafikebe ku sikelo

Ndikudziwa kuti ena mwa awerengi athu adabwa kuona kuti sabata ino ndasiya za ku Nyumba ya Malamulo ndi mikangano ya zipani n'kuyamba kukamba za chiuno cha mayi woyembekezera. Ena anena kuti mkonzi wasowa cholemba. Ayi ndithu, abale anga, zolemba zilipo zambiri. Koma zomwe ndidaona mwezi wathawu kunyumba kwa mwana wa mlongo wanga zandikhala kumtima, ndipo ndapeza kuti nkhaniyi ndi ya ufulu wa munthu kuposa zambiri zomwe timadzaza nazo masamba ano.

Mtsikanayu ndi wotopa, ndipo nthawi imeneyo n'kuti ali ndi miyezi 8. Ndidamupeza akuchokera kumpopi, ndowa ya malita 20 ili pamutu, akuyenda chotsimphina. Atatula ndowayo adalephera kukwera masitepe awiri a pakhonde mpaka adachita kugwira chipupa. Nditamufunsa adangoti, "Palibe kanthu, amalume." Mayi a kunyumba kwanga ndiwo adamutengera kuseri, ndipo pobwerera adandiuza kuti mwanayu watha milungu isanu akumva ngati mafupa a m'chiuno akung'ambika, kuti ululu umatsika mpaka m'ntchafu, ndiponso kuti usiku akafuna kutembenuka amachita kulira. Adayesapo kunena ku sikelo, koma adamuyankha kuti aliyense pamzerepo ali ndi chiuno, apirire. Apongozi ake nawo adamuuza kuti iwo adabereka ana 9 khasu lili m'manja. Kuyambira tsiku limenelo adatseka pakamwa.

Mawu akuti "pirira" ife Amalawi timawadziwa bwino. Tidawamva kwa zaka 30 mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Ambiri tikukumbukira mmene achinyamata a chipani ankaimira pachipata cha msika, nakakamiza mayi woyembekezera kugula makadi awiri, ina yake, ina ya mwana wosabadwayo. Amayi ankatchedwa mbumba, ankavina pamisonkhano tsiku lonse dzuwa likuswa mtengo, koma palibe ankawafunsa madzulo ake kuti m'thupi mukumva bwanji. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa pa 8 March 1992, mantha adayamba kutha. Pa 14 June 1993 tidavotera matipate, ndipo pa 17 May 1994 tidasankha boma latsopano. Kuyambira pamenepo abambo timalankhula za kukhosi m'minibasi, pabawo ndi pawailesi, timadzudzula nduna ngakhale pulezidenti amene. Nanga bwanji mayi wokhala pabenchi la ku sikelo akuuzidwabe kuti akhale chete?

Tiyeni tinene zoona zake za ululu umenewu, pakuti si ulesi ndipo si ufiti. Mafupa a m'chiuno amalumikizana malo atatu: kutsogolo pachinena, ndi kumbuyo mbali ziwiri za kumunsi kwa msana. Mayi akakhala ndi pakati, minyewa yomanga mafupawa imafewa pokonzekera njira ya mwana, ndipo nthawi yomweyo mimba ikulemera n'kumakokera thupi kutsogolo. Kwa amayi ena molumikizana mafupamo simuyendanso mofanana, ndiye mumapweteka. Akatswiri amati vutoli limagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi asanu alionse oyembekezera. Limakula poyenda, pokwera masitepe, poima ndi mwendo umodzi, potsika minibasi ndi potembenuka pogona. Ena amamva ululu wochokera m'thako n'kutsika kuseri kwa ntchafu mpaka kuphazi, nthawi zina ndi dzanzi lomwe. Enanso amadzidzimuka pakati pa usiku akatumba a m'miyendo atakokana.

Ululu wa mtundu uwu suvulaza mwana, sulepheretsa amayi ambiri kuchira bwinobwino, ndipo kwa ochuluka umatha mwana akabadwa. Koma sikuti ulibe chithandizo. Mayi agone chammbali ataika pilo kapena nsalu yopinda pakati pa mawondo. Povala akhale pansi. Potsika galimoto kapena podzuka pabedi asatang'adze, mawondo aziyendera limodzi. Asasenze ndowa, mtolo wa nkhuni kapena kubereka mwana wamkulu kumsana. Lamba womanga m'chiuno, ngakhale chitenje chomangidwa bwino kumunsi kwa mimba, amathandiza ena. Katumba akakokana, awongole mwendo n'kukokera zala za kuphazi chakumtunda. A mafizo ali ndi njira zolimbitsira minofu ya m'chiuno. Panado amaloledwa potsata malangizo a anamwino, koma brufen, indocid ndi diclofenac, amene anthu amangogula m'magolosale ndi m'misika, ndi oopsa kwa mwana m'miyezi yomalizayi. Zonsezi namwino angathe kuzifotokoza m'mphindi zochepa. Mwana wa mlongo wanga sadauzidwe ngakhale chimodzi.

Pano ndi pamene pagona nkhani. Mayi amene mwamuphunzitsa kukhala chete pa ululu wamba adzakhalanso chete pa ululu wakupha, pakuti iye alibe njira yosiyanitsira awiriwa. Mwendo umodzi wokha ukatupa, n'kumatentha ndi kupweteka, makamaka pa katumba, mwina magazi aundana mumtsempha. Mwendo wotere sufuna kuthowa kapena kusisita, ufuna chipatala tsiku lomwelo, chifukwa magazi oundanawo akathawira m'mapapo munthu amabanika n'kufa. Ngozi imeneyi imakhalapobe mpaka milungu 6 mayi atachira. Mutu ukamapweteka kwambiri, m'maso mukamachita chidima, nkhope ndi manja zikatupa, mwina magazi akuthamanga kwambiri, ndipo mapeto ake ndi kukomoka. Msana ukamapweteka mosiyizasiyiza milungu 37 isanakwane, mwina matenda ayamba nthawi isanafike. Kutentha thupi, kuwotcha pokodza, kutaya magazi, kusweka kwa nsupa, mwana kuchepetsa kugunda m'mimba, zonsezi sizidikira tsiku la sikelo. Kodi mayi amene adasekedwa atadandaula chiuno adzalimba mtima kudzutsa mwamuna wake pakati pa usiku chifukwa cha mwendo wotupa?

Tisanamizane, dziko lino lataya amayi ambiri. Kafukufuku wa boma wa mu 2000 adapeza kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Wa mu 2015 ndi 2016 adapeza 439. Kutsika kumeneku n'koyamikika, ndipo anamwino ndi azamba athu ayenera kulandira ulemu wawo. Koma 439 si nambala yovinira. Ndipo mwa zifukwa zomwe a zaumoyo amatchula kawirikawiri, choyamba ndi kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala. Kuchedwa kumeneko kumayambira pa mawu aja akuti "pirira". Akuluakulu adati chetechete sautsa nyama.

Sindikuloza chala anamwino okha ayi. Ndawaona ndi maso anga, namwino mmodzi mzere utafika panja, iye yemweyo kuyeza BP, iye yemweyo kulemba m'mabuku, iye yemweyo kuthamangira kochirira. Munthu wotopa chotere mawu ake sachedwa kuuma. Bungwe la WHO lidalangiza mu 2016 kuti mayi woyembekezera azionana ndi a zaumoyo kosachepera ka 8. Koma kupita ku sikelo ka 8 kuli ndi phindu lanji ngati pa maulendo onsewo palibe womufunsa kuti, "Mayi, pakupweteka ndi pati?" Atsogoleri a mu Africa adalonjeza ku Abuja mu 2001 kuti ndalama 15 pa 100 zilizonse za bajeti zizipita ku zaumoyo. Aphungu athu, amene tidawasankha tokha, azifunsa chaka ndi chaka kuti lonjezo limeneli tafika nalo pati, ndipo ndi anamwino angati amene alembedwa ntchito.

Malamulo tili nawo. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 likuti amayi ali ndi ufulu wotetezedwa mokwanira ndi mofanana ndi abambo. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la mu 2013 lidapatsa aliyense ufulu wolandira chithandizo ndi uphungu pa za uchembere. Lamulo la ntchito la mu 2000 lidapereka tchuthi cha uchembere chosachepera milungu 8 pamalipiro onse. Koma pitani m'masitolo a m'tauni mukaone atsikana otopa ataima kuseri kwa kauntala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, popanda ndi mpando womwe. Lowani m'nyumba zathu zomwe, ife a m'tauni ophunzira, muone wantchito wa miyezi 8 akukolopa atawerama ndi kuchapa mabulangete pamanja, pamene bwana ali pampando akuwerenga nyuzipepala ino n'kumadandaula za kuphwanya ufulu wa anthu. Demokalase yotere ndi ya pakamwa chabe.

Kwa abale athu amene mudabwerera kuchokera ku Lusaka, Dar es Salaam, Harare ndi London chikhululuko chitalengezedwa mu 1993, ndili ndi mawu apadera. Ena mwa inu akazi anu ndi ana anu adachirira kunja. Mudaona mzamba akukhala pansi ndi mayi n'kumufunsa mafunso, mudaona mayi wovutika chiuno akutumizidwa kwa a mafizo. Mudabwera ndi nzeru zambiri za kayendetsedwe ka boma, ndipo tidapindula nazo. Koma izi za uchembere mudazisiya kuti? Musamangozikamba pa mowa ngati nthano za kunja. Ambiri mwa inu muli m'makomiti a mipingo, m'mabungwe ndi m'zipani. Zineneni kumeneko.

Tsono pempho langa lili pa zinthu zinayi. Choyamba, Unduna wa Zaumoyo uonetsetse kuti funso la ululu wa m'chiuno, msana ndi miyendo likufunsidwa pa ulendo uliwonse wa sikelo m'miyezi itatu yomaliza, ndipo yankho lake lilembedwe m'kabuku ka mayiyo. Chachiwiri, pa maphunziro a m'mawa aja amene amayi amalandira asanayambe kuyezedwa, afotokozeredwe m'chilankhulo chawo kusiyana kwa ululu wamba ndi zizindikiro zoopsa, ndipo alangizi a zaumoyo akafikitse uthenga womwewu kwa anankungwi, apongozi ndi amayi a mvano, pakuti mawu a amenewa ndi amene amamveka kunyumba. Chachitatu, zipatala za m'maboma zimene zili ndi a mafizo zitsekule khomo kwa amayi oyembekezera, zisamadikire anthu a ngozi za pamsewu ndi a sitiroko okha. Chachinayi chili kwa ife abambo, ndipo sichifuna bajeti kapena thandizo la maiko akunja. Ndowa ija tisenze ife. Nkhuni zija tiwaze ife. Mayi akati mwendo watupa, tisayankhe kuti tiona mawa.

Kwa inu amayi amene mukuwerenga, kapena amene wina akukuwerengerani, ndikuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Thupi ndi lanu, ndipo palibe wina angamve zomwe mukumva. Nenani. Akakuyankhani mwachipongwe, nenaninso, ndipo funsani kuonana ndi wamkulu wa pamalopo. Kudandaula ululu si mwano, si ulesi, ndipo sikuchotsa ulemu wa uchembere wanu. Amayi athu amene adabereka khasu lili m'manja tiwalemekeze, koma tikumbukirenso anzawo ambiri amene sadabwerere kuchikuta, amene lero sangathe kutiuza kuti kupirira kudawathandiza chiyani.

Mwana wa mlongo wanga tidabwerera naye ku sikelo, mayi a kunyumba kwanga ali pambali pake. Ulendo uno adapeza namwino wina amene adamumvetsera, adamuyeza BP ndi miyendo yonse iwiri, namuonetsa kagonedwe ndi kamangidwe ka chitenje. Mwamuna wake, titakambirana pachimuna, ndiye akupita kumpopi m'mawa asanapite kuntchito, ngakhale anzake akumuseka. Ululu sudatheretu, koma tsopano akugona tulo. Pamene ndikulemba zino tikudikira tsiku lake. Chomwe chikundiwawa n'chakuti adamveka chifukwa ali ndi malume wodziwa kulongolola. Ufulu umene tidavotera mu 1993 unali wakuti munthu azimveka ngakhale alibe malume wotere.