LEKANI KUNYOZA TETRIS, ANYAMATA INU

Pali kamzimu kena kamene kalowa pakati pathu, ndipo ndifuna kuti tikakambilane poyela. Ndi kamzimu konyozana cifukwa ca masewela a pa vidiyo. Wina akangotulutsa foni kuti aseweleko Tetris kapena kanjoka kaja ka Snake, nthawi yomweyo mudzamva mnzake akuti, "Iwe, izo n'za ana. Bwela uone gemu yeniyeni." Kwa anyamata otelewa, gemu yeniyeni ndi imene munthu amatha mlungu wathunthu akungophunzila mabatani, ya mapu aakulu ngati cigawo ca kum'mawa, ya zida mazanamazana ndi malangizo osatha. Ikakhala yosavuta kuimva, ati ndi yacibwana. Ine nditsutsa zimenezi.

Tiyambe ndi Tetris yomweyo imene mumaiseka. Anaipanga ndi Alexey Pajitnov ku Moscow mu 1984, pa kompyuta yochedwa Electronika 60, imene sinali kutha ngakhale kuonetsa zithunzi. Tumabokosi take anatupanga ndi zizindikilo zolembela. Malamulo ake mungathe kuwafotokozela agogo anu madzi a nsima asanawile: tuzidutswa twa mitundu 7 tumagwa kucokela pamwamba, kalikonse kali ndi tumabokosi 4. Inu mumatuzunguza ndi kutuika m'malo. Mzele ukadzala umafafanizika. Mulu ukafika pamwamba, mwaluza. Basi, palibenso cina.

Tsopano ndiyankheni. Ngati gemu imeneyi ndi ya ana, n'cifukwa ciani panapita zaka 34 munthu asanaigonjetse? Tetris ya pa makina a Nintendo ochedwa NES inatuluka mu 1989. Kwa zaka zambili akatswili anali kukhulupilila kuti gawo 29 ndiye mapeto, pakuti pamenepo tuzidutswa tumagwa mofulumila kwambili, mwakuti mukangopanikiza batani kacidutswa kamafika pansi kasanafike m'mbali mumene mufuna. Kenaka ena anaphunzila kunjenjemeletsa cala pa batani koposa ka 10 pa sekondi imodzi. Ndi luso limeneli, mnyamata wa zaka 16, Joseph Saelee, mu 2018 anagonjetsa Jonas Neubauer, munthu amene anali atapambana mpikisano wa dziko lonse wa Tetris ka 7. Pambuyo pake kunabwela njila inanso: woseweza amaika cala cimodzi pa batani, n'kumaomba kumsana kwa kontolola ndi zala za dzanja linalo ngati akuliza ng'oma. Ndipo mu Disembala 2023, Willis Gibson wa ku Oklahoma ku America, wa zaka 13, anafika pa gawo 157, gemu n'kungouma pa sikilini cifukwa makina analephela kuwelengela. Anaipanga sanaganizeko kuti munthu angafike kumeneko.

Ndidziwa kuti wina aseka n'kunena kuti, "Taonani, amene akupambana ndi ana ndithu." Cabwino. Tengani kontolola muyese, tione ngati mungafikeko pa gawo 19 lokha.

Colakwa ca anzathuwa n'cakuti amasokoneza zinthu ziwili, kuculuka kwa malamulo ndi kuya kwa masewela. Ifetu sitiyenela kupusitsidwa pa nkhaniyi, cifukwa tinakulila pafupi ndi nsolo. Nsolo ndi maenje ndi miyala cabe. Mwana angaphunzile kagawidwe ka miyala tsiku limodzi, koma mukhazikeni ndi mkulu wa pansi pa mtengo uja, mudzaona kuti mkuluyo akuwelengela maenje angapo kutsogolo pamene mwana akali kuyang'ana dzenje limodzi. N'cimodzimodzi ndi Go, masewela akale a ku China, a miyala yakuda ndi yoyela pa thabwa la mizele 19 uku ndi 19 uku. Malamulo ake ndi ocepa kuposa a chess, koma makompyuta amene anagonjetsa katswili wa chess mu 1997 anadikila mpaka mu 2016 kuti AlphaGo igonjetse Lee Sedol ku Seoul. Gemu yakuya ndi imene imakupatsani zosankha zovuta ndi zida zocepa.

Ndiponso kupanga cinthu cosavuta kumva ndi nchito yaikulu kuposa kuunjika zinthu. Taonani gawo loyamba la Super Mario Bros. ya mu 1985. Shigeru Miyamoto ndi anzake sanalembe malangizo alionse pa sikilini. Mario amaima ca kumanzele atayang'ana kumanja, ndipo inu mumadziwa nokha kumene muyenela kupita. Kamdani koyamba kamabwela pang'onopang'ono, kuti muphunzile kulumpha. Bowa woyamba akatuluka m'bokosi amagunda paipi n'kubwelela kwa inu, kotelo kuti ngakhale mumuope n'kovuta kumuzemba, ndipo akakukhudzani mumakula, n'kudziwa kuti ameneyu ndi bwenzi. Pasanathe mphindi imodzi mwaphunzitsidwa gemu yonse popanda liu limodzi. Pac-Man ya mu 1980 ilibe ngakhale batani loombela, ndi kandodo kamodzi cabe. Koma tumizukwa take 4 tuli ndi makhalidwe osiyana: kofiila kamakulondolani kumbuyo, kapinki kamayesa kukudulilani kutsogolo. Munthu angasewele caka cathunthu asanazindikile zimenezi, ndipo tsiku limene azindikila, gemu yonse imakhala ngati yatsopano.

Nanga kuvuta kumene mumanyadila m'magemu aakuluwa n'ciani kwenikweni? Kambili ndi katundu cabe. Super Mario Bros. yonse inakwana mu makilobaiti 40. Call of Duty: Modern Warfare ya mu 2019 inatupa ndi zoonjezela mpaka mu 2020 inaposa magigabaiti 200 pa kompyuta, kutanthauza kuwilikiza Mario ka 5 miliyoni. Kodi cisangalalo naco cinawilikiza ka 5 miliyoni? Welengani ndalama za bandulo ya intaneti yokokela cinthu cotele, ndi maola amene mudzadikila, mwinanso malaiti n'kuzima pakati. Mukailowa, mupeza ndalama za m'gemu za mitundu itatu kapena inai, nchito za tsiku ndi tsiku zimene muyenela kumaliza kuti musatsale, ndi mphoto zimene zimatha nthawi ngati simunabwele dzulo. Munthu amadzuka m'mawa ali ndi ngongole ya nchito ku gemu, ngati walembedwa ganyu, koma malipilo akupeleka ndi iye. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyelele.

Pali cina coipa koposa cimene cimabisala m'nkhalango ya malamulo imeneyi. Magemu ena amagulitsa mabokosi amwai: mumalipila ndalama zenizeni osadziwa cimene cili m'kati. Mu 2017 anthu anakwiya kwambili ndi Star Wars Battlefront II cifukwa ca mabokosi otele, ndipo mu 2018 bungwe loyang'anila za njuga ku Belgium linagamula kuti mabokosi ogula ndi ndalama a m'magemu ena, kuphatikizapo FIFA 18, ndi kuchova njuga. Kuciyambi kwa 2019 kampani ya EA inaleka kugulitsa mapointi a FIFA m'dzikolo. Inu amene mumathela ndalama ya chenji kutsegula mapaketi a osewela mpila, mukuyembekezela kuti mwina lelo mutuluka katswili, dzifunseni kuti luso lanu lili pati pamenepo.

Sindikunena kuti gemu iliyonse yovuta ndi msampha, ai. Ilipo yochedwa Dwarf Fortress, imene abale awili, Tarn ndi Zach Adams, anaitulutsa mu 2006 ndipo anali kuipeleka kwaulele. Imeneyi ndi yovuta zedi, cifukwa imatsatila kanthu kalikonse ka m'dziko lake. Nthawi ina amphaka a m'gemuyo anayamba kufa m'nyumba zomwela mowa. Atafufuza anapeza kuti amphakawo anali kuponda mowa wotayikila pansi, n'kumanyambita mapazi ao, ndipo gemu inali kuwelengela ngati mphaka wamwa cikho cathunthu. Kuvuta kwa mtundu umenewu ndimakupatsa ulemu, pakuti lamulo lililonse limabala zotulukapo zimene ngakhale mwiniwake sanayembekezele. Amene amakonda zotele, kapena Civilization, kapena Dota 2 ya ngwazi zoposa 100, asewele ndi mtima wonse. Koma aleke kuyesa kuti kukonda kwaoko kwawasandutsa anzelu kuposa mlongo wao wa Tetris.

Nazo zosavuta zili ndi mbuna zake, tisabise. Candy Crush imakupatsani miyoyo yocepa, ikatha n'kukuuzani kuti mudikile kapena mulipile. Flappy Bird inali ya kugogoda sikilini cabe, koma mwini wake Dong Nguyen wa ku Vietnam anaicotsa yekha pa msika mu Febuluwale 2014, ponena kuti anthu anali kukodwa nayo. Conco musandimve ngati ndikuti cosavuta ciliconse n'coyela. Funso lofunsa gemu iliyonse ndi lakuti, kodi ndikaluza, n'cifukwa cakuti luso langa lacepa, kapena n'cifukwa cakuti sindinalipile? Tetris ikakugwetsani, palibe sitolo yogulako cipulumutso. Mumayambanso ndi zala zanu zomwezo.

Koma cimene candilembetsa kwenikweni ndi ici. Kunyoza kumeneku kumagawa gulu. Gemu yofuna miyezi kuti munthu aidziwe, ndi makina a ndalama zambili, imasankha okha amene ali ndi nthawi ndi makolo opeza bwino. Pamene acinyamata asonkhana pa Ciwelu masana, yang'anani bwino amene agwila kontolola. Ndi anyamata awili kapena atatu omwewo, ena onse ali kumbuyo kupenyelela, ndipo atsikana ndi ang'onoang'ono akapempha amauzidwa kuti "simungakwanitse, muononga." Ndipo amene akunena zimenezi amakhulupililadi kuti akuteteza luso, pamene akuteteza mpando wao cabe. Nintendo inatulutsa Wii Sports mu 2006, gemu yongogwedeza dzanja ngati mukumenya tenesi, ndipo akatswili odzicha okha anaiseka. Inafika m'manyumba makope oposa 80 miliyoni, n'kumaseweledwa ngakhale m'nyumba zosungilamo okalamba, agogo kupikisana ndi adzukulu. Ndiuzeni gemu yanu yaikuluyo ngati inakhazikapo anthu a mibadwo itatu pa mphasa imodzi.

Conco atsogoleli anzanga, pokonza tsiku la masewela mwezi uno, ikani mpikisano wa gemu imene aliyense angaimve m'mphindi ziwili. Foni imodzi ikwana, iziyenda dzanja ndi dzanja, ndipo zigoli muzilembe pa bolodi kuti onse aone. Mnyamata uja amene amati izi n'za ana mumuike woyamba pa mndandanda, ndipo wotsatila akhale kamtsikana ka giledi 6 kaja kamene amakakaniza kontolola.