Ulesi Wopindulitsa wa Mipweya Ina

Mwezi uno tiyeni tilingalire za mpweya umene timapuma usana ndi usiku, ngakhale sitiuona ndi maso. Mpweyawu si wa mtundu umodzi ayi, koma ndi mitundu ingapo yosakanikirana. Mwa magawo 100 alionse, pafupifupi gawo limodzi ndi argon, dzina lochokera ku Chigriki lotanthauza waulesi. Anamtulukira ndi Lord Rayleigh ndi William Ramsay ku Britain m'chaka cha 1894, ndipo anamutcha motero popeza sayaka, sachititsa dzimbiri, ndiponso salumikizana ndi zinthu zina.

Argon ali ndi abale ake asanu a khalidwe lomweli: helium, neon, krypton, xenon ndi radon. Chodabwitsa n'chakuti ulesi umenewu ndiwo phindu lawo. M'mababu a magetsi aja a kawaya kowala amaikamo argon kuti kawayako kasapse msanga. Amisiri owotcherera zitsulo amatchinga polumikiza ndi argon kuti mpweya wamba usaononge chitsulo chikadali chotentha. Neon amawala mofiirira magetsi akamdutsa, ndipo ndiye amawalitsa zikwangwani zina za m'mizinda usiku.

Helium anazindikirika poyamba m'kuwala kwa dzuwa m'chaka cha 1868, zaka 27 asanapezeke pansi pano. Ndi wopepuka kwambiri, choncho amakweza mabaluni m'mwamba. Haidirojeni nayenso amakweza, koma amayaka: m'chaka cha 1937 chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Hindenburg, chodzazidwa ndi haidirojeni, chinapsa ku Lakehurst ku America, ndipo anthu 36 anafa. M'zipatala, helium wamadzi, wozizira mpaka madigiri 269 pansi pa ziro, amaziziritsa makina a MRI ojambulira m'kati mwa thupi.

Komabe tisanyengeke ndi kufatsaku, pakuti chimene sichiyaka chingathe kuphabe. Ana ena pa maphwando amakoka helium wa m'baluni kuti mawu awo amveke ang'onoang'ono, anzawo aseke. Tiwaletse kolimba, chifukwa helium amalanda malo a mpweya wopatsa moyo m'mapapo, ndipo mwana angakomoke, kapena kufa kumene, osamva chizindikiro chilichonse. Radon, amene amatuluka m'nthaka ndi m'miyala ina, akaunjikana m'nyumba yotsekeka zaka zambiri amayambitsa khansa ya m'mapapo. Tsono tizolowere kutsegula mazenera, ndipo baluni ikhale yoseweretsa m'manja, osati yokokamo mpweya.