Kope la mlembi wa PTA

Pa msonkhano wa bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA) maso onse amakhala pa wapampando ndi mphunzitsi wamkulu, koma wosunga zokambirana ndi mlembi, uja amakhala chapambali, kope lili pantchafu, akuthamangitsa cholembera. Ntchito yake inakula kuyambira mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litathetsa fizi ku pulayimale, ana n'kukhamukira kusukulu mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Kuchokera nthawi imeneyo makolo akhala akuumba njerwa, kututa mchenga ndi kukumba zimbudzi, ndipo mlembi ndiye amalemba mudzi umene unalonjeza njerwa zingati ndi umene unajomba pachitukuko. Ndiye amalembanso timakalata toitanira makolo, tomwe ana amapita nato kunyumba m'thumba la yunifolomu. M'sukulu zolandira phala la Mary's Meals, bungwe lomwe linayamba kudyetsa ana m'Malawi muno mu 2002, pamafunika kaundula wa midzi yosinthana kuphika m'mbandakucha, ndipo kaundulayo akasokonekera ana amalowa m'kalasi ndi njala. Mkangano ukabuka pa ndalama za mlonda kapena za mayeso oyeserera a Sitandade 8, nkhani imathera m'kope lomwelo. Zonsezi amachita popanda malipiro. Choncho makomiti amugulire kope lachikuto cholimba, ndipo msonkhano uliwonse uziyamba ndi iye kuwerenga mokweza zomwe anagwirizana ulendo watha, kuti agogo osatha kuwerenga amve kumene ndalama zawo zinapita.